Kukafuna V8 ku Zomba

Lolemba

Ndafika mu Zomba dzuwa litapendeka, pa basi yochokera ku Lilongwe yodzera ku Balaka ndi ku Liwonde. Kwatentha, ndipo phiri likuoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa lupsa. Kagalimoto kanga ndakasiya dala kunyumba, poti zikayenda bwino ndibwerera ndili pa chiwongolero cha ina. Ndabwera kudzaona magalimoto awiri ogwiritsidwapo kale ntchito, onse Toyota Land Cruiser 200, aja timangowatchula kuti V8. Ina ili m'manja mwa dobadoba wina cha ku Matawale. Inayo ili kwa bambo wina wachikulire wokhala ku Mulunguzi, amene amalume anamva kutchalitchi kuti akugulitsa.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, galimoto yonseyo ya chiyani nyengo yovuta ino? Kwathu ndi ku Chingale, kuseri kwa phiri lomweli. Amene anadutsapo msewu wa kumeneko mu Januwale kapena mu Febuluwale sangafunse zimenezo. Mayi anga akula, chiuno chimawavuta, ndipo mwezi ndi mwezi amafunika kubwera kuchipatala kuno kutauni. Pikapu ya kuntchito kwanga imakafika bwinobwino, koma masipuling'i ake akumbuyo anapangidwira simenti ndi zitsulo, ndiye mayi akatsikamo amagona osadzuka kwa masiku angapo. Ntchito yanga ya zomangamanga nayonso imanditengera kumidzi komwe phula silinafike. Ndikufuna galimoto yolimba pansi, yofewa m'kati, yoti zipangizo zake zizipezeka ndipo amakanika athu akuidziwa.

Yatsopano, Land Cruiser 300 yomwe inatuluka mu 2021, ndinangofunsa mtengo, nkhani n'kuthera pomwepo. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi dola chinathawa. Kuitanitsa kunja kumafuna ndalama zakunja zomwe sizipezeka msanga, kenako msonkho wa MRA womwe umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. N'chifukwa chake ndikusaka yomwe ili kale m'dziko muno, msonkho wake utaperekedwa.

Ndagona kwa amalume ku Chinamwali. Iwowa anayendetsa magalimoto a boma mpaka kupuma, kuyambira nthawi yomwe Nyumba ya Malamulo inkakumana kuno ku Zomba. Tadya nsima ya matemba a ku Chilwa ndi nkhwani wotendera. Posamba m'manja andiuza kuti, "Mphwanga, mawa tidzuke ndi tambala woyamba. Galimoto timaionera m'mawa isanalizidwe. Ikatentha imabisa matenda."

Lachiwiri

Tinafika ku Matawale 6 koloko isanakwane, koma amalume atagwira boneti anapeza yafunda kale. Anangondiyang'ana.

Galimotoyo ndi yokongola: yakuda, yonyezimira, mipando yachikopa, denga lotsegula, marimu a mainchesi 20. Pa Facebook anailemba kuti ndi ZX, mtundu wapamwamba wa 200, ya 2016, ndipo nkhope yake ndi ya 2016 ndithu. Amalume sanataye nthawi ndi nkhope. Anatsegula chitseko, n'kuwerama kumunsi kwa lamba wa pampando, pomwe pamakhala kansalu kolembedwa chaka chomwe lambayo anapangidwa. Panalembedwa 2010. Malamba enawo chimodzimodzi. Akuti zili ngati pogula ng'ombe: mwini atha kunena zaka zilizonse, koma iwe umaitsegula kukamwa n'kuona mano.

Land Cruiser 200 inapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2021, ndipo maonekedwe ake anasinthidwa mu 2012 ndi mu 2015. Masiku ano magetsi, bampala ndi boneti za maonekedwe atsopanowo zimagulitsidwa pazokha, ndiye anthu amavula yakale n'kuiveka zatsopano. Kuiveka si mlandu. Mlandu ndi kuitchula chaka chomwe si chake n'kuipatsa mtengo wa chaka chimenecho. M'kati, dashibodi inali yakale yomwe ija.

Iyi inachokera ku Japan, ndipo ma 200 onse omwe ankagulitsidwa m'dziko la Japan anali a petulo, a malita 4.7 poyamba, kenako 4.6 kuyambira 2009. Injini ya petuloyo ndi yabwino, imalira mofatsa, koma imamwa, ndipo tonse tagonapo pa mizere ya mafuta zaka zino. Chinanso, ZX ili ndi makina otchedwa AHC omwe amakweza ndi kutsitsa galimoto popopa mafuta m'mapaipi. Nditadina batani, inakwera mozengereza, pampu ikulira nthawi yaitali. Amalume atagwada anapeza shoko yakumbuyo kumanzere itanyowa mafuta. Pa mahampu a mumsewu wa M3 inkagunda molimba, kusonyeza kuti timipira ta gasi tomwe timafewetsa kayendedwe kake tatha mphamvu. Makina amenewa akakhala bwino ndi okoma, koma akafera ku Chingale palibe angawakhudze.

Blue book ili m'dzina la munthu wina, akuti ali ku Joni. Mapepala a msonkho akuti abwera madzulo. Nditapempha kuti tikwere nayo phiri, dobadoba uja anati mafuta achepa. Ndinati ndithira ndine, anati mwini wake sanalole. Tinathokoza n'kutsanzika. Wandiimbira usiku uno kutsitsa mtengo, ndamuyankha mwaulemu kuti ayi.

Masana tinayenda wapansi cha ku maofesi akale a boma. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba za nthawi imeneyo zikadali chiimire pansi pa mitengo ikuluikulu, kuphatikizapo Hotel Masongola yomwe inamangidwa mu 1886 ngati nyumba ya kazembe wa Britain. Amalume amaloza khomo lililonse n'kukumbukira bwana yemwe ankamudikira pamenepo.

Lachitatu

Bambo a ku Mulunguzi anatilandira pakhonde atavala juzi, poti kumtunda kuno m'mawa kumazizira ngakhale mu Okutobala. Ndi munthu wopuma pantchito, ali ndi munda cha ku Thondwe. Maso ayamba kuwavuta, adokotala awaletsa kuyendetsa, ndipo ana awo onse ali kunja. Galimoto yawo ndi ya mtundu wa VX, yoyera, ya dizilo, ya 2013, anaigula ku South Africa n'kulowa nayo pa Mwanza. Siyowala ngati ya dzulo. Bampala yakumbuyo ili ndi chipsera, ndipo chikopa cha mpando wa dalaivala chayamba kung'aluka.

Tisanayandikire n'komwe, mayi a panyumbapo anatulutsa fayilo yonenepa. Muli lisiti la sevisi iliyonse chiigulireni, oyilo wosinthidwa pa makilomita 5,000 aliwonse, masiku ndi mitunda zikukwera mwa dongosolo mpaka 186,000, yomwenso ikuoneka pa mita. Mita imabwezedwa m'mbuyo ndi kompyuta, aliyense akudziwa. Koma malisiti a zaka zonsezi, a magalaja osiyanasiyana, ena atathimbirira ndi zala za oyilo, munthu sangakhale pansi n'kuwapeka. Ndinawerenga tsamba ndi tsamba tiyi akuzizira, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi pomwepo, kiyi asanalowe.

Boneti inali zii. Amalume anaona oyilo, anaona madzi a mu redieta kuti akadali ofiirira bwino, kenako anandiimika kumbuyo kuti ndiyang'ane utsi. Inalira nthawi yomweyo, kautsi pang'ono n'kutha. Utsi wabuluu ukanatanthauza kuti ikuwotcha oyilo, mwina ma turbo atopa. Woyera wosatha ndi wa ma injekita kapena madzi olowa pomwe sakuyenera. Kenako anamasula chotsekera cha pothirira oyilo n'kungochikhazika pamwamba injini ikulira. Sichinavine. Chikamadumphadumpha ndiye kuti mpweya ukudutsa m'mapisitoni ndipo injini yatha. Injiniyi ndi 1VD-FTV, V8 ya malita 4.5 yokhala ndi ma turbo awiri. Ma injekita ake ndi 8, oyilo imalowa malita opitirira 9, ndiye chilichonse pamenepa chimagulidwa mochuluka.

"Tengani makiyi, mwana wanga, mukaiyese kuphiri," anatero bambowo. "Ine ndikhala kumbuyo, papita nthawi ndisanakwereko."

Msewu wokwera phiri ndi wa phula koma wopapatiza, wokhotakhota, ndipo mumakumana ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni ndi abambo otsitsa njinga zolemedwa ndi mitengo. Apa ndiye pomwe galimoto imaulula zonse. Diso langa linali pa muvi wa kutentha kwa injini, sunasunthe. Magiya ake 6 ankasintha osagunda. Pa Ku Chawe tinaima, anyamata ogulitsa ma strawberry, mabulosi ndi magalagadeya n'kutizungulira ndi timadengu tawo. Tinagula, bambo aja n'kumawafunsa za makolo awo, poti ambiri akuwadziwa.

Tinadutsa pa damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa mzinda wonse. Kupitirira pamenepo ndinaona zomwe zinandiwawa: malo ambiri komwe kunali nkhalango ya paini kwatsala zitsa ndi tchire lopsa. Amalume anati kale ankadutsa pamenepa masana atayatsa magetsi chifukwa cha mthunzi. Mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi imayambira pa phiri lomweli n'kukathira mu Chilwa, ndiye mtengo wogwa kuno umamveka mpaka kwa mlimi wa mpunga kudambo.

Pa Emperor's View, pomwe anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965, Chilwa inkaoneka ngati mzere wotuwa patali, Mulanje atabisika mu utsi. Sitinakhalitse. Amalume ankafuna njira ya ku Chingwe's Hole, ya miyala ndi zigwembe zokumbidwa ndi madzi. Ndinaima, giya pa N, n'kupotoza kabatani kupita pa L4, magiya amphamvu oyendera pang'onopang'ono pa njira yoipa. Getsi linaphethira pang'ono n'kukhazikika. Ndinadinanso loko ya difu yapakati, yomwe imamangiriza matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuti azikoka limodzi, inagwira. Izi muziziyesa, chifukwa ma V8 ambiri a m'tauni amatha zaka osalowako pa L4, mpaka kamota kosintha magiyawo kamauma. Tinakwera pang'onopang'ono, matayala onse ali pansi ngakhale pomwe nthaka yapendekeka. Amathandiza ndi makina otchedwa KDSS, omwe amamasula zitsulo zoletsa kupendama mukakhala pa njira yoipa n'kuzilimbitsa mukabwerera pa phula. Kutsogolo kumanzere ndinamva kakugogoda pang'ono. Amalume anamvanso, analemba m'kabuku kawo.

Za dzenje la Chingwe, akuluakulu amati kale ankaponyamo anthu. Ine maso anga anali kuphompho, komwe chigwa cha Shire chimatambasuka pansi. Kwathu kuli kumeneko. Ndinawalozera bambo aja, ndi kuwafotokozera za mayi.

Potsika, amalume anati, "Osatsamira buleki, mphwanga. Iyi ndi matani opitirira awiri ndi theka. Ika pa S, giya 2 kapena 3, injini igwire yokha." Ndinatero. Titafika kumunsi panalibe fungo la mabuleki opsa, koma chiwongolero chinkanjenjemera pang'ono ndikaponda. Zalowanso m'kabuku.

Lachinayi

M'mawa ndinadzaza mafuta ndi ndalama zanga n'kulowera ku Kachulu, pa doko la nyanja ya Chilwa. Galimoto iyi ili ndi mathanki awiri, la malita 93 ndi la 45. Aliyense wofuna V8 ayambe waima pa pampu n'kuona manambala akuthamanga, kenako adzifunse ngati angakwanitse mwezi ndi mwezi.

Msewu ndi wa fumbi, wokhala ndi timizere topingasa tija togwedeza mano. Inadutsamo mosalala, ndipo m'kati simunalowe fumbi. Komatu fumbi ndi lomwe tinkalifuna. Mdani wamkulu wa injini imeneyi ndi fumbi losalala lodutsa m'mbali mwa sefa ya mpweya, chivundikiro chikapanda kutseka bwino kapena sefayo ikakhala yachinyengo. Limadya ma turbo ndi masilinda mwakachetechete, mwini n'kudzazindikira injini itayamba kale kumwa oyilo.

Ku Kachulu madzi abwerera kutali, mabwato ena ali pamatope. Chilwa ndi nyanja yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta imaphwa. Inauma mu 1968, mu 1995, komanso mbali yaikulu mu 2018. Anthu opita ku chilumba cha Chisi amakankhidwa pa bwato ndi nsungwi zazitali zogunda pansi, ndipo asodzi ena amakhala m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa bango ndi njedza. Tinagula makumba ndi milamba yowamba. Ndinaikulunga bwino m'mapepala, poti galimoto ikadali ya eni ake.

Masana tinapita kwa makanika wina amene amalume amamukhulupirira, ali ndi dzenje loonera pansi pa galimoto komanso kompyuta yopimira. Choyamba anamasula paipi ya kuseri kwa sefa n'kupukutamo ndi kansalu koyera. Kanatuluka koyera. Bambo aja anati sanalolepo kuti sefa ipopedwe ndi mpweya m'mbali mwa msewu, ikada amagula ina. Kompyuta sinapeze vuto, ndipo manambala a ma injekita onse ali m'malire ake. Makanikayo anandionetsa malo awiri oti ndizikumbukira. Alitaneta ili pansi kwambiri, ndiye matope ndi madzi zimaipha msanga, ndikachoka ku Chingale nthawi ya dzinja ndizitsuka. Sitata ili pakati penipeni pa injini, pansi pa mapaipi a mpweya, ndipo kuifikira ndi ntchito ya tsiku lonse. Malisiti akusonyeza kuti alitaneta inasinthidwapo kale.

Zofunika kukonza zilipo. Kugogoda kuja ndi mabushi ong'aluka. Pa pampu ya madzi pali zoundana zofiirira, ndiye yayamba kudontha. Madisiki a mabuleki akutsogolo apindika pang'ono. Chachikulu ndi matayala: mapazi akadalipo, koma manambala anayi a m'mbali, osonyeza sabata ndi chaka chomwe tayala linapangidwa, akuthera ndi 19. Ndi a 2019, mphira waumiratu. Ndi a saizi ya 285/60 R18, ndipo poti galimoto iyi imakoka ndi matayala onse nthawi zonse, ayenera kusinthidwa onse pamodzi, ofanana. Chasisi ilibe dzimbiri kapena powotcherera, ndipo nambala yodindidwa pa chitsulo ikufanana ndi ya mu blue book.

Titadzazanso thanki madzulo, tinapeza kuti yayenda pafupifupi makilomita 8 pa lita, kuphatikiza fumbi ndi m'tauni.

Lachisanu

Lero linali la mapepala. Tinapita ku Blantyre ndi bambo aja, kudzera pa Thondwe ndi Namadzi, kukatsimikiza ku MRA kuti msonkho unaperekedwa wonse. Izi si zozengereza. Magalimoto amtundu uwu ambiri analowa osalipira msonkho, m'dzina la aphungu, mipingo kapena mabungwe, ndipo ukagula yotere msonkhowo usanaperekedwe, tsiku lina idzagwidwa ili m'manja mwako. Iyi yapezeka yolongosoka. Kupolisi anaonanso kuti siyobedwa, ndipo chikalata cha SARPCCO, chomwe apolisi amapereka potsimikiza kuti galimoto yotuluka m'dziko siyobedwa, chomwe inatulukira nacho ku South Africa chili mu fayilo muja. Tisanabwerere ndinazungulira kufunsa mitengo ya matayala, pampu ndi mabushi, kwa dila komanso m'masitolo a ku Limbe.

Za mtengo takambirana madzulo pakhonde. Analankhula ndi amalume, ine ndili chete monga mwa mwambo. Anati, "Akulu, galimoto yanu mwaisunga bwino, sitikuinyoza ayi. Koma mwanayu akangochoka pano akagula matayala, pampu ndi mabushi. Nayi mitengo, taonani nokha." Bambo aja anaika pepalalo pafupi ndi maso, kenako analowa m'nyumba kukafunsana ndi mayi. Atatuluka anachotsa mtengo wa matayala ndi pampu, zinazo anati ndidzionere. Ndinavomera osabwereza, chifukwa anachita mwachilungamo. Mtengo sindiulemba pano. Ndi ndalama yomwe ndakhala ndikusunga kwa zaka, ndipo inayo ndaisiya padera ya sevisi ndi inshulansi, poti kugula n'kusowa ya oyilo ndi kumene kumapha magalimoto amenewa.

Ndinapempha chinthu chimodzi ndisanalipire: kuti mawa ndipite nayo kumudzi. Analola.

Loweruka

Tinadzera ku Changalume, komwe kale ankakumba miyala yopangira simenti, n'kutsetsereka kulowa m'chigwa. Usiku kunagwa chizimalupsa, ndiye dothi lofiira lija linali loterera pamwamba, louma pansi. Galimoto sinagwedeze mchira ngakhale pamodzi.

Mayi anatuluka ndi ndodo yawo, anaizungulira, kenako anaima pa chitseko chakumbuyo. Apa panapezeka vuto lomwe kuphiri ndi kwa makanika silikanaoneka: galimotoyi ndi yaitali, ndipo ngakhale pali chopondera, mwendo wawo sunafike. Mlongo wanga anathamangira kukatenga kampando ka thabwa ka kukhitchini. Anaponda pamenepo, kenako pa chopondera, dzanja lili pa chogwirira cha m'mbali mwa chitseko, ine ndikuwachirikiza kumsana. Atakhala ndinawagonekera mpando pang'ono n'kuwamanga lamba.

Tinapita nawo mpaka pa tiledingi n'kubwerera, dala kudzera njira ya kutchalitchi yomwe ili ndi maenje. Amalume ndi amene ankayendetsa, ine ndili pambali pa mayi ndikuwayang'ana kumaso pa bampu iliyonse. Sanakwinye nkhope. Potsika ndinafunsa, "Amayi, chiuno bwanji?" Anati, "Sichinamve kanthu, mwana wanga." Kenako anayamba kuwerenga anthu: mpongozi wa anansi athu yemwe ali woyembekezera, agogo ena omwe amakalandira mankhwala a shuga ku Zomba, ndi mwana wina wodikira opaleshoni ya diso. Anafunsa ngati kumbuyo kwenikweni kuli mipando. Ndinawatsegulira n'kutsitsa ya mzere wachitatu, anaiwerenga ndi ndodo. Kampando ka thabwa kaja kalowa m'buti, sikatulukanso.

Lolemba

Ndalama ndatumiza kudzera kubanki, osati za m'chikwama. Tasainirana kalata ya mgwirizano, amalume ndi mayi a ku Mulunguzi ngati mboni. Ku Road Traffic tinapita tonse awiri, wogulitsa ndi wogula, aliyense ndi khadi lake la Traffic Register, ndipo umwini wasinthidwa kulowa m'dzina langa. Inshulansi ndadula yanga, COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikadali ndi miyezi. Fayilo ija andipatsa yonse, ndipo mayi aja andionetsa pomwe ndiziika malisiti atsopano.

Usiku uno yagona kwa makanika, akusintha pampu, mabushi ndi madisiki. Lachitatu ndikaika matayala ku Blantyre, kenako ndilowera ku Lilongwe. Tagwirizana kuti kuyambira Disembala mpaka Malichi izikhala ku Chinamwali, amalume ndi amene azikatenga mayi ndi anzawo aja tsiku la kuchipatala likakwana. Kiyi wachiwiri ndawasiyira kale.